Foni ikuti katundu wafika koma sindinamulandire: zokambirana pa gulu la amalonda a pa Dedza boma

Lolemba m'mawa

Nangozo Telala: Mwadzuka bwanji nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumagula zinthu pa intaneti. Ndinaitanitsa pa Amazon ya ku America zipangizo za makina anga olembera mabaji pa mayunifolomu, mabobini, masingano ndi kachitsulo kozungulira kamene kamakola ulusi pansi. Adilesi ndinalemba ya ejenti wina amene amatumizira Amalawi katundu pa ndege kuchokera kumeneko. Tsopano pa foni pakuoneka kuti Delivered, koma ejentiyo ndikamufunsa akungoti dikirani mayi. Nambala imene ndinapatsidwa ikuyamba ndi TBA. Ndayiika pa webusaiti ya DHL, akuti sakuidziwa. Sukulu zikutsegulidwa mu September ndipo ndalama za mabaji ndinalandira kale. Mtima wanga suli m'malo.

Chikondi wa Mafoni: Tadzuka mayi. Nambala imeneyo a DHL sangaidziwe chifukwa si yawo. Ndi ya Amazon eni ake. Iwowa ali ndi magalimoto ndi madalaivala awo operekera katundu m'makomo, ndiye phukusi likanyamulidwa ndi anthu awo limapatsidwa nambala yoyamba ndi TBA. Lowani mu app yawo, pitani pa Your Orders, mudine Track package. Kawirikawiri pamakhala chithunzi chimene dalaivala anajambula posiya katunduyo. Tauzeni mukuonapo chiyani, koma adilesi musaiponye pano.

Nangozo Telala: Chithunzi chilipodi. Ndi kabokosi kabulauni, kali pansi kutsogolo kwa chitseko chagalasi. Pambali pake pali mabokosi ena ambiri osanjikizana, ena aakulu ofika m'chiuno. Pa chitsekopo pali nambala yofanana ndi imene ili pa adilesi ya ejenti uja.

Chikondi wa Mafoni: Basi, katundu wanu anafika kumene munamulozera. Amazon mbali yawo anamaliza. Iwo sadziwa n'komwe kuti kuli Dedza, amadziwa chitseko chagalasi chimenecho. Nambala ya TBA ija siidzasunthanso ngakhale bokosilo litakwera ndege mawa. Kuyambira pamenepo wodziwa kumene kuli katundu ndi ejenti wanuyo.

Tadala ku Joni: Anti Nangozo, zili ngati mwakwera minibasi pa Ntcheu kupita ku Lilongwe, mwafika pa Dedza kondakitala wakugulitsani kwa anzake. Woyamba uja mukamufunsa kuti munthu uja ali pati, ayankha kuti ndinamutsitsa pa Dedza, ndipo akunena zoona. Zotsalazo mufunse amene anakutengani pamenepo. Ifenso kuno zimativuta chimodzimodzi. Amazon inatsegula sitolo ya ku South Africa mu May 2024, anthu a kumudzi amagula n'kulemba adilesi ya ife abale awo. Foni ikangolira kuti Delivered, mafoni ayamba, mwanditumizira liti? Pamene bokosilo lili pansi pa bedi langa, likudikira munthu wobwera kumudzi.

Nangozo Telala: Ndamva ana anga. Koma nanga ngati anafika, ejentiyo akudikiranji? Ndi zimene zikundisowetsa tulo.

Aphunzitsi Banda Bembeke: Mayi, pepani ndilowerere. Munagula zinthu zitatu, eti? Taonaninso pa oda yanuyo ngati zonse zili m'bokosi limodzi. Ine ndinagulapo mabuku anayi nthawi imodzi, anawagawa m'mapukusi osiyana, lililonse ndi nambala yake.

Nangozo Telala: Dikirani ndione.

Nangozo Telala: Aphunzitsi mwalasa. Pali mizere iwiri. Mabobini ndi masingano ndiwo alembedwa Delivered. Kachitsulo kaja kali pakokha, palembedwa Shipped, ndipo nambala yake ndi ina, yayitali, yoyamba ndi 1Z.

Chikondi wa Mafoni: 1Z ndi UPS imeneyo, kampani ina yonyamula katundu. Iyo mutha kuiika pa webusaiti ya UPS, ikuonetsani mzinda uliwonse umene phukusilo ladutsa. Chimene chimachitika ndi ichi: si zonse za pa Amazon zimagulitsidwa ndi Amazon. Muli amalonda ena ambirimbiri. Ena amakasiya katundu wawo m'nyumba zosungiramo za Amazon, ndiye a Amazon ndi amene amalongedza ndi kupereka, dongosolo limeneli amalitcha Fulfillment by Amazon ndipo linayamba mu 2006. Ena amasunga okha katundu kwawo, oda ikabwera amatumiza okha kudzera ku UPS, FedEx kapena positi. Pansi pa mtengo pamalembedwa Ships from ndi Sold by. Mizere iwiri imeneyo muziiwerenga musanalipire, ndi imene imakuuzani kuti katundu achokera kuti. Ngakhale zonse zitakhala za Amazon, atha kuzigawabe ngati zili m'nyumba zosungiramo zosiyana.

Aphunzitsi Banda Bembeke: Ndiye n'kutheka kuti ejentiyo akudikira phukusi lachiwirilo kuti atumize zonse pamodzi.

Nangozo Telala: Akanangondiuza choncho bwenzi ndili phee. Mawu oti dikirani mayi sandithandiza kalikonse, ine ndili ndi makomiti a sukulu amene akundifunsa.

Madalitso pa Boda: Zimenezo n'zoona mayi, ndipo muli ndi ufulu wofunsa. Ine ntchito yanga ndi yoombola katundu pa chipata cha Dedza, wa pa ndege sindigwira kwenikweni koma mapepala ake ndimawadziwa. Mulembereni meseji, osati kuimba, kuti yankho likhale lolembedwa. Mutumizireni manambala onse awiri ndi chithunzi chija. Mumufunse ngati bokosi loyamba analilemba m'kaundula wake m'dzina lanu, ndipo akutumizireni chithunzi lili pa sikelo. Kenako katundu akanyamuka akupatseni nambala ya air waybill, chikalata cha katundu wa pa ndege. Imeneyo imakhala ya manambala 11, atatu oyambirira amasonyeza kampani ya ndege. Ikayamba ndi 071 ndi Ethiopian Airlines, katundu adutsira ku Addis Ababa. Ikayamba ndi 706 ndi Kenya Airways, adutsira ku Nairobi. Mukaiika pa tsamba la cargo la ndegeyo muona tsiku limene watera pa bwalo la ndege la KIA ku Lumbadzi kapena pa Chileka.

Madalitso pa Boda: Chinthu china. Nambala ya ndegeyo siikhala ya bokosi lanu lokha. Ejenti amasonkhanitsa katundu wa anthu ambiri n'kumutumiza ngati mtolo umodzi, ndiye mukaona kulemera kwakukulu musadabwe. Ejenti wadongosolo amakupatsaninso nambala yake ya iye mwini yosonyeza gawo lanu mu mtolomo. Amene sakufuna kupereka nambala iliyonse, ameneyo ndiye wondikayikitsa ine.

Gift wa Kaunjika: Abwana Madalitso, sikelo mwatchulayo ili ndi nkhani. Mlamu wanga anaitanitsa zipewa, zopepuka zedi, koma anamulipiritsa ngati wanyamula zitsulo.

Madalitso pa Boda: Pa ndege salipiritsa kulemera kokha, amaonanso malo amene bokosi ladya. Amayeza mulitali, mulifupi ndi msinkhu mu masentimita, kuchulukitsa zitatuzo, kenako kugawa ndi 6000, ena ngati DHL amagawa ndi 5000. Chimene chatulukacho amachiyerekeza ndi kulemera kwa pa sikelo, chachikulucho ndi chimene mumalipira. Bokosi la 50 ndi 40 ndi 30, mukagawa ndi 6000, limawerengedwa makilo 10 ngakhale mkati muli thonje. N'chifukwa chake mumapempha ejenti kuti achotse mabokosi a sitolo n'kulongedzanso mothina. Kwa mayi Nangozo sizivuta, zinthu zawo ndi zazing'ono.

Chikondi wa Mafoni: Ndiponyepo kamodzi poti tikukamba za ku America. Amene mukufuna kugula zamagetsi kumeneko, mashini ometera, ma blender, mota ya makina osokera, dziwani kuti magetsi awo ndi 120V, athu ndi 230V. Werengani pa chikalata chake. Ngati palembedwa 100-240V palibe vuto. Ngati ndi 120V yokha, ipsa tsiku lomwelo. Ndalandira zambiri pa benchi panga zonunkha utsi, eni ake atadikira nthawi yaitali.

Lolemba madzulo

Esnart Ntcheu: Mwaswera bwanji. Ndawerenga zonse, nane ndifunseko. Ine ndinagula mikanda ndi timawaya topangira ndolo pa AliExpress, adilesi ndinalemba bokosi la positi la tchalitchi chathu kuno ku Ntcheu. Nambala yanga ikuyamba ndi LP. Inkasintha bwinobwino ili ku China, kenako inalemba kuti yanyamuka m'dzikomo, basi yangoti zii. Kodi ndiye kuti katundu watayika?

Chikondi wa Mafoni: Ayi achemwali, musafulumire. LP ndi ya Cainiao, kampani yonyamula katundu ya Alibaba, eni ake a AliExpress. Nayonso imaona mbali yake yokha. Ikani nambalayo pa webusaiti yolondolera katundu ya 17TRACK kapena pa tsamba la Cainiao, nthawi zina pansi pake pamatuluka nambala yachiwiri, ya positi. Imeneyo ndiyo yofunika kuno.

Esnart Ntcheu: Yatulukadi ina. Ikuyamba ndi zilembo ziwiri, pakati manambala, kumapeto CN.

Bambo Phiri Opuma: Mwafika pa ntchito yanga tsopano ana inu. Ndagwira za makalata mpaka kupuma, ndiye ndiloleni nditalikitseko. Nambala ya positi ya katundu wopita dziko lina imapangidwa mofanana dziko lonse lapansi, chifukwa mapositi onse ali pansi pa bungwe limodzi, Universal Postal Union, limene linakhazikitsidwa mu 1874 ndipo likulu lake lili ku Bern, Switzerland. Imakhala ndi zilembo ziwiri, manambala 9, ndi zilembo ziwiri zina. Zakumapetozo ndi dziko limene positi yake inalandira katunduyo. CN ndi China, ZA ndi South Africa, GB ndi Britain, MW ndi kwathu kuno. Musadabwe mukagula ku China koma nambala n'kuthera SG kapena NL, amalonda ena amadutsitsa katundu wawo ku positi ya Singapore kapena Netherlands.

Bambo Phiri Opuma: Koma chimene muyenera kuyang'ana kwambiri ndi chilembo choyambirira. R ndi rejisitala, katundu wosainira, amalembedwa paliponse pamene wadutsa. E ndi EMS, yachangu. C ndi phukusi lalikulu. Ikayamba ndi U, kameneko ndi kaphukusi wamba, nambala ili apo makamaka chifukwa cha a kasitomu, aja otolera msonkho wa katundu wolowa m'dziko, ndipo kawirikawiri sikaonekanso pa kompyuta kakachoka kwawo. Kamafika ndithu, koma mwakachetechete. Mwanawe Esnart, yako ikuyamba ndi chiyani?

Esnart Ntcheu: Ikuyamba ndi R, bambo.

Bambo Phiri Opuma: Wasankha bwino. Kukhala chete kumeneko ndi kwa thumba lili pa ulendo. Anthu amaganiza kuti phukusi lili ndi kachipangizo kosonyeza pamene lili nthawi iliyonse. Mulibe. Pali pepala lokha la mizeremizere lomatidwa pamwamba, ndipo kompyuta imadziwa za phukusilo pokhapokha munthu akaliwombera ndi kamakina kake. Maphukusi ang'onoang'ono amaikidwa m'thumba limodzi n'kumangidwa ndi chidindo. Thumbalo litha kukhala pa bwalo la ndege kudikira malo, kukwera, kutsika kwina, kudikiranso ndege yobwera kuno. Nthawi yonseyo palibe amene walitsegula, ndiye palibe chatsopano cholembedwa. Lidzaonekanso likatsegulidwa kuno kwathu ndi kuonedwa ndi a kasitomu. Likachoka apo ndiye lilowa m'thumba la ku Ntcheu.

Aphunzitsi Banda Bembeke: Bambo Phiri, zimenezi sindinazimvepo chiyambire. Ine ndinkaona ngati nambala imangolembedwa mwachisawawa.

Bambo Phiri Opuma: Ayi aphunzitsi. Ngakhale nambala yomaliza pa 9 aja siili wamba, imatuluka powerengera eyiti oyambawo. Mukalakwitsa nambala imodzi polemba, kompyuta imadziwa kuti nambala yotero kulibe. Ndiye musamalembe pamanja kuchokera pa chithunzi, muzikopa ndi foni.

Chikondi wa Mafoni: Achemwali Esnart, chinthu chimodzi chofunika kwambiri. Mu app muli batani loti Confirm receipt. Musalidine katundu asanafike m'manja mwanu, ngakhale wogulitsa atakunyengererani bwanji. Ndipo onani tsiku limene chitetezo cha oda yanu chikutha. Likayandikira katundu asanafike, tsegulani dandaulo mu app momwemo nthawi isanathe. Likadutsa tsikulo mawu anu amachepa mphamvu. Komanso nyengo imawerengedwa. Zogula pa 11 November, pa sale yawo yaikulu ija, zimachedwa chifukwa cha kuchuluka kwa katundu. Nthawi ya chaka chatsopano cha ku China, mu January kapena February, mafakitale ndi amalonda amatseka, oda imangokhala.

Jere Dalaivala: Ndakhala ndikuwerenga ndili pa mzere pa Calomue, mbali ya Mozambique ya boda ya Dedza. Ine ndinene maganizo anga, musakwiye. Manambala onsewa amathandiza kunja. Katundu akangolowa mbali ino, chimene chimagwira ntchito ndi foni ya munthu. Ine ndimanyamula kuchokera ku Joni, kudutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kudzalowera pa Dedza. Palibe kompyuta imene ingakuuzeni kuti ndaima pa Tete chifukwa tayala laphulika kapena kuti netiweki ya pa boda yagwa. Mwini katundu amandiimbira, ndimamuuza. Ndiye m'malo motaya bandulo kuyang'ana tsamba losasintha, sungani nambala ya amene wanyamula.

Bambo Phiri Opuma: Bambo Jere, za foni sindikukana. Koma foni ndi mawu chabe. Tsiku limene katundu wasowa, mawu a pa foni simungapite nawo kulikonse. Nambala yolembedwa pa risiti ndi umboni woti katunduyo analandiridwa, tsiku lakuti, ndi wakuti. Ndaonapo anthu akubwezeredwa ndalama chifukwa cha kapepala kameneko, ndipo ndaonapo ena akulira chifukwa anapereka katundu pa chikhulupiriro chokha.

Jere Dalaivala: Madala, ine ndanyamula za anthu zaka zambiri popanda kutaya ngakhale supuni.

Bambo Phiri Opuma: Inuyo ndikukukhulupirirani. Koma si onse ali ngati inu, ndipo mayi wa ku Kanyama kapena ku Mayani amene mwana wake watumiza katundu sangasiyanitse.

Tadala ku Joni: Nonse mukunena zoona koma ine ndili mbali ya Bambo Phiri pang'ono. Kuno tikamapereka katundu kwa onyamula, ine ndimalemba dzina ndi foni ya wolandira mbali zonse za chikwama ndi cholembera chosafufutika, ndimajambula chikwamacho chili pafupi ndi nambala ya galimoto, ndipo ndimapempha risiti ngakhale yolemba pamanja. Zithunzizo ndimatumiza kumudzi ku Lizulu tsiku lomwelo. Onyamula abwino sadandaula nazo. Amene amakwiya ndikatulutsa foni, katundu wanga sindimusiya.

Jere Dalaivala: Zojambulazo ndilibe nazo vuto. Ndipo zimanditeteza ndi ine ndemwe, chifukwa ena amati munali zinthu zimene munalibe.

Madalitso pa Boda: Ndionjezere za makontena, poti ena pano mumaitanitsa ku China pa sitima ya pamadzi. Kontena nayo ili ndi nambala, zilembo zinayi ndi manambala 7, yolembedwa pa chitseko chake. Mutha kuilondola pa webusaiti ya kampani ya sitimayo mpaka itatsitsidwa pa doko, kaya Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Ikakwera thiraki, pamenepo ndiye mawu a a Jere amagwira, muyenera kudalira wonyamulayo. Ndipo ejenti akati kontena yafika, mufunseni kuti yafika kuti. Pa Beira ndi pa Lilongwe pali mtunda, pali boda, pali kuombola.

Gift wa Kaunjika: Nanga za msonkho abwana. Ena amati ungouza ejenti alembe mtengo wochepa pa invoice, ulipira pang'ono. Mayi Nangozo angachite choncho kuti apulumutseko kenakake, ndalama yavuta.

Madalitso pa Boda: Ayi Gift, zimenezo musawaphunzitse mayi. Choyamba ndi mlandu. Chachiwiri, a MRA nawo ali ndi intaneti, mtengo wa chinthu cha pa Amazon amaupeza pa miniti imodzi. Akakayikira amaika mtengo wawo, pamwamba pake chindapusa, ndipo katundu amakhala pamenepo kudikira, pamene mayiwa akulimbana ndi nthawi. Chachitatu, katunduyo akatayika, wonyamula adzakubwezerani potengera mtengo womwe munalembawo. Msonkho umawerengedwa pa mtengo wa katundu kuphatikiza ndalama yonyamulira ndi inshuwalansi, ndipo umasiyana malinga ndi mtundu wa chinthu. Chothandiza ndi kulemba bwino chimene chili m'bokosi. Musalole alembe kuti gift kapena parts basi. Alembe kuti ndi zipangizo za makina osokera, kuti chiikidwe m'gulu lake loyenera. Sungani risiti ya Amazon ndi umboni wa ku banki, musindikize ngati n'kotheka.

Gift wa Kaunjika: Ndamva abwana. Koma zinthu zadula, kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 sitinapumepo. Kupeza dola yolipirira pa khadi nakonso ndi nkhondo.

Madalitso pa Boda: Zimenezo tonse zikutiwawa achimwene. N'chifukwa chake katundu amene wagulidwa movutikira chonchi sitiyenera kumuika pa chiswe ndi pepala labodza.

Lachitatu

Nangozo Telala: Ndibweze mawu. Ndinalemba meseji monga ananenera a Madalitso. Ejenti wayankha ndi chithunzi, mabokosi onse awiri ali pa sikelo, dzina langa lalembedwa pamwamba. Akuti anyamuka ndi katundu wa sabata ino ndipo nambala ya ndege anditumizira. Ndauza a makomiti zoona zake, amvetsa. Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni.

Admin Nachisale: Tathokoza mayi potidziwitsa. Ambiri amafunsa akathandizidwa n'kusowa. Tsopano pali nkhani ina yofulumira, a Nabanda andilembera kumbali, ndawapempha ayiike pano.

Nabanda Linthipe: Pepani abale. Amayi anga alandira foni m'mawa uno. Munthu akuti ndi dalaivala wa thiraki, ali pa boda ya Dedza ndi katundu wochokera kwa mchimwene wanga amene ali ku Cape Town. Akuti a kasitomu amugwira, titumize ndalama pa foni msanga apo ayi katundu alandidwa. Dzina la mchimwene wangayo walitchula molondola. Iyeyo foni yake sikupezeka. Amayi ali pa ejenti wa ndalama panopa, ndawauza adikire.

Jere Dalaivala: Asatumize! Aimitseni pompano. Amenewo ndi akuba, akutionongera dzina ife. Dalaivala weniweni sapempha ndalama ya msonkho kwa gogo wa kumudzi pa foni. Mufunseni nambala ya thiraki ndi dzina la kampani, muone ngati sadula foni.

Madalitso pa Boda: Ndili pa boda pano achemwali. Muuzeni kuti mchimwene wanu wina ali pompo akubwera kudzaona katunduyo ndi maso, anene waima pati. Msonkho wa boma sulipiridwa ku nambala ya munthu. Umakhala ndi pepala losonyeza mmene awerengetsera, ndipo ukalipira umalandira risiti ya MRA.

Nabanda Linthipe: Ndamuimbira ine. Nditangoti pali munthu pa boda akubwera, wati netiweki ikuvuta, wadula. Ndikaimbanso sikulowa.

Tadala ku Joni: Mwaona. Dzina asakudabwitseni nalo, amalitola pa Facebook kapena kwa anthu a m'mudzi momwemo. Amasankha dala nthawi imene munthu ali ku ntchito foni ili yozima. Mchimwene wanu akapezeka mugwirizane kuti akatumiza kanthu azinena yekha ndi mawu ake, ndi chithunzi cha katunduyo, asananyamuke.

Chikondi wa Mafoni: Palinso ya meseji, imabwera m'Chingerezi ngati yochokera ku positi kapena ku kampani yonyamula katundu, akuti phukusi lanu laima chifukwa adilesi ndi yosakwanira, dinani apa mulipire kandalama kochepa. Akufuna manambala a khadi lanu. Amene mukudikiradi katundu ndi amene mumagwa msanga chifukwa mtima uli kale komweko. Musadine. Tsegulani nokha app kapena webusaiti yeniyeni, muike nambala yanu. Ngati pali vuto lionekera mmenemo.

Admin Nachisale: A Nabanda, nambala imeneyo mukaipereke ku polisi ndi ku kampani ya foni. Pano musaiike, malamulo a gulu satilola, koma nditumizireni kumbali ndichenjeze ma admin a magulu ena.

Nabanda Linthipe: Ndichita choncho. Amayi abwerera kunyumba ndi ndalama zawo. Anali atagulitsa nyemba kuti apeze ndalamayo.

Esnart Ntcheu: Bambo Phiri, ndibwerere kwa inu. Yanga ija yasintha lero, yalemba kuti yafika m'dziko lolandira. Ndiye ndipite ku positi mawa?

Bambo Phiri Opuma: Mawa n'kufulumira mwanawe, kafike kaye kuchokera ku likulu. Uuze amene amasunga kiyi wa bokosi la tchalitchi kuti aziyang'anamo, chifukwa katundu wosainira saikidwa m'bokosi, amaikamo kapepala kokuitana. Ngati pa phukusipo panalembedwa foni yako atha kukuimbiranso. Sabata ikatha osamva kanthu, pita wekha pa kauntala ndi nambala ya R ija yolembedwa bwino papepala, ndi chiphaso chako cha unzika. Dzina la pa chiphaso lifanane ndi la pa phukusi. Utengekonso kandalama m'thumba, pakhoza kukhala cholipira.

Esnart Ntcheu: Pa oda ndinalemba dzina la kwa amuna anga, pa chiphaso pali la kwa bambo anga. Zivuta?

Bambo Phiri Opuma: Tenga chikalata cha ukwati, kapena kalata ya abusa poti bokosilo ndi la tchalitchi, ndipo uonetse oda ya mu foni imene ili ndi nambala yomweyo. Ukafotokoze kwa a positimasitala usanafike pa mzere. Ulendo wina uzilemba dzina la pa chiphaso, ndi foni yoyamba ndi +265.

Esnart Ntcheu: Chabwino bambo, kalata ya abusa ndikatenga Lamlungu tikaweruka.